Usiku umene Mandela anamusowetsa chonena Ted Koppel

Chaka chilichonse ikamayandikira 18 Julaye, tsiku limene Nelson Mandela anabadwa, pali kakanema kamodzi kamene sikalephera kutipeza m'magulu athu a pa WhatsApp. Mandela wakhala pampando, wavala suti, imvi mbuu. Pambali pake pali mzungu wa tsitsi lopesedwa bwino ngati wavala chisoti. Mandela akuyankha, khamu likuwomba m'manja, mzungu uja wangoti duu. Pamwamba wina amalembapo kuti mtolankhani wa ku America waona zakuda. Timaseka, timatumizira abale athu a ku Joni, nkhani yathera pomwepo.

Ine ndikuti kakanemako kamatisocheretsa, osati chifukwa zimene zilimo n'zabodza, koma chifukwa anakadula. Mzunguyo ndi Ted Koppel, ndipo usiku umenewo, pa 21 Juni 1990, anagwira ntchito yake bwino. Mawu a Mandela amene timanyadirawo tili nawo chifukwa panapezeka munthu wofunsa funso lowawa, kenako n'kutseka pakamwa kudikira yankho. Mlandu wa Koppel ulipo ndithu, koma uli pena, ndipo ndifikapo.

Tiyambe ndi momwe usiku unkakhalira pa wailesi yakanema m'dziko lino. Nthawi ya 11:30 inali ya Johnny Carson, amene anayendetsa The Tonight Show pa NBC kuyambira 1962 mpaka 1992. Kachitidwe kake ndi komwe ana ake akutsatirabe lero: nthabwala poyamba, kenako iye kuseri kwa tebulo, mlendo pampando, mphindi zowerengeka, malonda, mlendo wina. Luso la Carson linali lomukometsa mlendo. Wosaseketsa ankaoneka woseketsa, wamanyazi ankamasuka. Nkhani zolemera ankazilambalala mwadala, ndipo mu 1979 anamuuza Mike Wallace poyera kuti imeneyo si ntchito yake, kuti woseketsa anthu akayamba kudziona ngati mphunzitsi wa dziko zinthu zimamuipira. Olemba mabuku ankawaika kumapeto, anthu ambiri atagona kale.

Si kuti analibe mano. Mu 1973 anaitana Uri Geller, amene ankati amapinda masipuni ndi mphamvu ya maganizo. Carson pa unyamata wake ankachita masewera a matsenga, choncho ankadziwa pomwe chinyengo chimabisala. Anauza anyamata ake kuti akonze okha masipuni ndi zitini, anthu a Geller asazikhudze. Basi. Sanamukalipire, sanamutchule wabodza, anangokhala phee kumudikira, mpaka mkuluyo ananena yekha kuti usiku umenewo sakumva mphamvu. (Aneneri ena amene timawatumizira madola kumudzi atakhala pampando umenewo, kaya zikanatha bwanji.) Ndipo mu Febuluwale 1968 Carson anasiyira Harry Belafonte mpando wake sabata yathunthu, Belafonte n'kuitana Martin Luther King ndi Robert Kennedy. Isanathe miyezi isanu onse awiri anali ataphedwa. Taonani bwino pamenepa: nkhani yolemera inalowa m'nyumba ya Carson mwini nyumba atachokapo. Matepi ambiri a sabata imeneyo NBC inawafufuta, monga inkachitira ndi mapulogalamu ake ambiri nthawi imeneyo.

Amene anayesa kusakaniza ziwirizi, kuseka ndi kukamba zenizeni, anali Dick Cavett pa ABC. Cavett amanena kuti Jack Paar, amene anali pampando wa Tonight Carson asanabwere, anamulangiza kuti asamafunse mafunso ngati wapolisi wolemba sitetimenti, azingocheza. Kucheza kwake kunkatenga mphindi 90, nthawi zina ndi mlendo mmodzi. Mukapeza mpata onerani pulogalamu ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 imene anakhazika James Baldwin pamodzi ndi Paul Weiss, pulofesa wa ku Yale. Weiss akuti n'chifukwa chiyani nthawi zonse muzikamba za khungu. Baldwin akuyankha kuti za mumtima mwa mzungu iye sazidziwa, amangoona zimene tchalitchi chake, sukulu yake, ogulitsa nyumba ake ndi mabungwe ake a apantchito amamuchita munthu wakuda. Nthawi yonseyo Cavett sakulowererapo. Anthu amatama Baldwin, ndipo n'zoyenera, koma chete wa Cavett uja ndi ntchitonso. Wofunsa wamantha akanaponyapo nthabwala kuti mpweya upepuke. Kucheza kotero kunali ndi mtengo wake: mu Disembala 1970 bwanamkubwa wa Georgia, Lester Maddox, anatuluka pulogalamu ili mkati, ndipo matepi a ku White House anamugwira Richard Nixon akufunsa anthu ake njira yomukhaulitsira Cavett. Owonera nawo ankathamangirabe kwa Carson.

Koppel anatulukira khomo lina, ndipo khomo lake ndi la kuno kwathu. Pa 4 Novembala 1979 ophunzira a ku Iran analanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran n'kugwira anthu amene anawasunga masiku 444. ABC inayamba kuulutsa za nkhaniyi usiku uliwonse pa nthawi ya Carson yomwe ija, ndipo itaona kuti anthu akudikira osagona, pa 24 Marichi 1980 inaisandutsa pulogalamu yokhazikika, Nightline. Inkachokera ku ofesi ya ABC pa DeSales Street mu Washington, pafupi ndi siteshoni ya Farragut North, pa Red Line yomwe timakwera pa Wheaton. Mwini wakeyo kwa zaka zambiri nyumba yake inali ku Potomac, m'boma lathu lomweli la Montgomery, ngakhale Potomac ndi Veirs Mill Road ndi maiko awiri. Nayenso ndi obwera: anabadwira ku England mu 1940, makolo ake Ayuda othawa Hitler, ndipo anafika kuno mu 1953.

Pa Nightline panalibe sofa, panalibe oimba, panalibe khamu loseka. Nkhani imodzi, theka la ola. Ndipo panali kachitidwe kena kamene tiyenera kukadziwa tisanayambe kutama. Kawirikawiri mlendo sankakhala ndi Koppel m'chipinda chimodzi. Ankamuika kwina, ngakhale ali m'nyumba yomweyo, akuyang'ana kamera, mawu a Koppel akumulowa kudzera pa kachingwe ka m'khutu. Koppel akumuona, iye sakumuona Koppel. Ife owonera tinkaona ngati akucheza maso ndi maso, pamene mlendoyo ali ngati munthu woyankha mlandu mumdima. Mphamvu zonse zinali kwa wofunsa. Funso ndi lakuti mphamvuzo ankachita nazo chiyani.

Yankho labwino lili pa usiku wa 6 Epulo 1987. Patatha zaka 40 Jackie Robinson atakhala munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yaikulu ya baseball ya masiku ano, Koppel anaitana Al Campanis, bwana wa timu ya Los Angeles Dodgers, amene anasewerapo ndi Robinson ku Montreal. Inayenera kukhala pulogalamu ya chikumbutso chabe. Koppel anafunsa chifukwa chake kunalibe mamanijala akuda. Campanis anati si tsankho, koma mwina anthu akuda alibe zofunikira pa udindo wotero. Koppel sanalumphe ndi chimwemwe kuti wagwira nyama. Anamuuza kuti zimenezo zikumveka ngati zinyalala zomwe zija anthu ankanena zaka 40 zapitazo, ndipo anamupatsa mpata wina, ndi winanso, kuti akonze mawu ake. Mkuluyo m'malo motuluka m'dzenje anapitiriza kukumba, mpaka kufika ponena kuti anthu akuda satha kusambira chifukwa matupi awo sayandama. Patatha masiku awiri ntchito inali itatha. Kumudzi mfumu yodziwa milandu imatero: siimutsekera pakamwa wolakwa, imamuuza kuti pitirizani, tikumva. Munthu amadzimanga yekha ndi lilime lake, ndipo palibe angadzanene kuti anamukola.

Njira yomweyo inagwira ntchito ku South Africa zaka ziwiri m'mbuyo mwake. Kumbukirani momwe zinthu zinalili. Kuyambira pa 21 Novembala 1984, pamene Randall Robinson, Walter Fauntroy ndi Mary Frances Berry anakana kutuluka mu ofesi ya kazembe wa South Africa pa Massachusetts Avenue, anthu ankamangidwa pamenepo tsiku ndi tsiku. Mu Marichi 1985 Koppel ananyamula pulogalamu yonse kupita nayo komweko kwa sabata imodzi. Usiku woyamba anaika pa galasi limodzi nduna ya zakunja, Pik Botha, ndi Bishopu Desmond Tutu, aliyense ali kwake, setilaiti ndiyo ikuwakumanitsa. Tutu anangoyala zake: ndine bishopu, ndili ndi zaka 53, koma m'dziko langa sindivota, ndipo chikalata changa choyendera chimati dziko langa silikudziwika. Botha anayankha zambiri, monga anali katswiri pakamwa, koma chimene chinaswa mwambo chinali chithunzicho: nduna ya boma la azungu ikudikira kuti munthu wakuda amalize kulankhula. Wailesi yakanema ya boma, SABC, inaonetsanso zimenezi kwa azungu a komweko. Sabata yomweyo, pa 21 Marichi, apolisi anawombera anthu opita kumaliro ku Langa, pafupi ndi Uitenhage, n'kupha osachepera 20. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo ya kuno inakhazikitsa zilango pa South Africa mopyola kukana kwa Ronald Reagan. Sindikuti Koppel ndiye anachititsa. Anachititsa ndi anthu amene ankafa m'malokeshoni ndi amene ankamangidwa pa Massachusetts Avenue. Koma kachingwe ka m'khutu kaja, kamene ndakadandaula pamwambapa, usiku umenewo kanamuchepetsa nduna kufika pa msinkhu wa munthu wamba. Ife Amalawi nkhani imeneyi sitinaione n'komwe. Wailesi yakanema inafika kwathu mu 1999, ndipo boma lathu linali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967.

Tsopano tibwerere ku kakanema kathu. Mandela anali atatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, ndipo anabwera kuno kudzapempha chinthu chimodzi: zilango zisachotsedwe msanga. Msonkhano unachitikira ku City College, ku Harlem mu New York, ndipo ulendo uno panalibe kachingwe; anakhala maso ndi maso, kutsogolo kwa khamu limene ambiri anali a Mandela. Ofunsa ena, monga Ken Adelman ndi Henry Siegman wa bungwe la American Jewish Congress, anafuna kudziwa chifukwa chake munthu womenyera ufulu amatama Yasser Arafat, Muammar Gaddafi ndi Fidel Castro. Mandela anati kulakwitsa kwa ambiri n'kuganiza kuti adani awo ayenera kukhala adani athu. Ife dziko timaliyeza ndi momwe laimira pa nkhondo yathu, ndipo atatuwa anatithandiza ndi zinthu zenizeni, osati pakamwa pokha. Koppel anakankhanso. Anati munthu wochenjera pa ndale akanasamala kuti asakwiyitse anthu amene ali ndi mphamvu yosunga kapena kuchotsa zilangozo. Apa ndi pamene Mandela anatulutsa mawu aja, akuti munthu wosintha mfundo zake malinga ndi amene akulankhula naye sangatsogolere dziko. Panagwa chete. Mandela anamuyang'ana n'kufunsa ngati wamuumitsa thupi. Holo yonse inaphulika. Kakanema kathu nthawi zambiri kamathera apa, koma Koppel anaseka nawo, anati iye sauma msanga chotero, ndipo pulogalamu inapitirira.

Taganizani usiku womwewo uli m'manja mwa munthu waulemu wonyanya. Akanafunsa za zaka 27 za m'ndende, za chakudya cha ku Robben Island, za zidzukulu. Tikanalira pang'ono, n'kuiwala. Safunsa anadya phula, paja amatero. Koppel anamutenga Mandela ngati mtsogoleri wa ndale woyenera kuyankha, osati ngati woyera mtima wa pa chithunzi, ndipo ulemu umenewo ndi waukulu kuposa kuwomba m'manja. Funsolo silinali lamasewera: patangotha sabata, akuluakulu a mzinda wa Miami anakana kumulandira Mandela chifukwa cha Castro yemweyo, ndipo anthu akuda anabwezera ponyanyala mahotela a mzindawo kwa zaka pafupifupi zitatu.

Pali chigawo china cha yankho la Mandela chimene ife makamaka sitiyenera kuchiwombera m'manja mwachisawawa. Atafunsidwa za ufulu wa anthu m'maiko a anzakewo, anati gulu lake lili pa nkhondo, lilibe nthawi yolowerera nkhani za m'kati mwa maiko ena. Anaonjeza, mochenjera, kuti atakana kulankhulapo za tsankho la mu America muno palibe anadandaula. Monga yankho la pa bwalo, n'lakuthwa. Koma mawu akuti nkhani za m'kati ife timawadziwa fungo lake. Usiku womwewo Jack Mapanje anali ku Mikuyu, kumene anakhala kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Orton ndi Vera Chirwa anali ku ndende ya Zomba, ndipo Orton anafera komweko mu 1992. Maiko a azungu amene ankamukonda Kamuzu chifukwa chodana ndi chikomyunizimu ankanenanso chimodzimodzi: mnzathu ndi mnzathu, za m'nyumba mwake n'zake. Mkaidi wa ku Libya anali ndi ufulu woti wina amufunsire funso limenelo, ngati momwe Mapanje analili nawo. Ngati pali pomwe Koppel anafooka usiku uja, si pa chete uja ayi. Ndi poti nkhani ya akaidi inasanduka nkhani ya mavoti a Ayuda ndi a anthu ochokera ku Cuba okhala kuno. Funso la chilungamo linavala malaya a ndale za America, ndipo litavala malaya amenewo linali losavuta kuligwetsa.

Mlandu waukulu wa Koppel ndi wa pakhomo: ndani ankaloledwa kulowa. Mu 1989 bungwe la FAIR linawerenga alendo a mapulogalamu 865 a Nightline. Mwa alendo a ku America, 92 pa 100 aliwonse anali azungu, 89 pa 100 amuna. Obwera kawirikawiri kuposa onse anali Henry Kissinger ndi Alexander Haig, onse nduna zakale za zakunja. Atsogoleri a apantchito anali ochepa zedi. Koppel anayankha kuti yake ndi pulogalamu ya nkhani, amaitana amene amapanga ziganizo, ndipo ngati onse ndi azungu aamuna vuto ndi la dziko, osati lake. Yankholi lili ndi mutu, koma silindikhutitsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amadziwa chiganizo bwino si wosaina yekha, ndi amenenso chamugwera.

Kwa ife amene tadyapo fumbi la pansi, nkhaniyi si ya patali. Pa 16 Seputembala 1986 moto unapha anthu 177 mu mgodi wa golide wa Kinross. Azungu ochepa amene anafa anatchulidwa maina. Akuda anawerengedwa potengera mitundu yawo, Asotho angapo, Axhosa angapo, Amalawi angapo. Mu Ogasiti 1987 anthu oposa 300,000 a m'migodi ananyanyala ntchito kwa masabata atatu, ndipo masauzande ambiri anachotsedwa. Pa mapulogalamu a mtundu wa Nightline munthu wotere amakhala nkhani, sakhala mlendo. Akafuna mawu ake amaitana mkulu wa bungwe lake, kapena mwini mgodi, kapena pulofesa. Chonsecho Koppel ankadziwa kulemera kwa dzina la munthu wamba. Pa 30 Epulo 2004 anatha pulogalamu yonse akuwerenga maina a asilikali a America oposa 700 amene anafera ku Iraq, nkhope zawo zikuoneka, ndipo kampani ya Sinclair, ya kuno ku Maryland, inakana kuonetsa pa masiteshoni ake. Anachita bwino. Koma anthu wamba amenewo anapeza malo atamwalira.

Khomo limene linali lotsegukirako anthu ngati ife linali pa wailesi ya mawu, ndipo chizindikiro chake timachidutsa tsiku lililonse. Nsanja zitatu zija za pa University Boulevard muno mu Wheaton zakhala zikuponya mawu a 1500 AM kuyambira cha m'ma 1940, ndipo pa zaka zimene nambala imeneyi inali ya WTOP, usiku inkanyamula Larry King. Kuyambira 1978 King ankalankhula pa Mutual kuchokera pakati pa usiku mpaka mbandakucha, situdiyo yake ili ku Arlington. Ankayamba ndi mlendo, kenako omvera n'kumufunsa mlendoyo okha, kenako foni kwa aliyense pa nkhani iliyonse. Omvera ake anali alonda, oyendetsa mathiraki, anamwino, ophika buledi. King ankanyadira kuti sawerenga buku la mlendo asanamufunse, kuti afunse ngati munthu wa mumsewu. Zimenezi zinkabala mafunso aafupi abwino, komanso zinkalola abodza kudutsa osapunthwa, chifukwa wosakonzekera sadziwa pomwe bodza lagona. Campanis akanakhala kwa King mwina akanafera pa ntchito yake. Koma mlonda wa ku Baltimore ankatha kufunsa senata funso lake, ndi mawu ake, ngakhale King ankadula msanga ukayamba kuzungulira. Nambala sinali yaulere, ndiye ankawauza oimba kuti ingoisiyani iziitana, tiyankha nthawi yanu ikakwana, kuti ndalama isayambe kudyeka ali pa mzere. Munthu woganizira mayunitsi a mnzake chotere ankadziwa amene akumumvera.

Mu 2002 zinaululika kuti ABC ikukambirana mwachinsinsi ndi David Letterman kuti adzatenge nthawi ya Nightline. Si kuti Koppel analibe owonera. Otsatsa malonda ankafuna achinyamata, ndipo nthabwala zimagulitsa galimoto kuposa nkhani ya Iran. Letterman anakhalabe ku CBS, koma uthenga unamveka. Koppel anatsazika pa 22 Novembala 2005, atakhala pampandowo zaka 25. Pa usiku womaliza sanaonetse Mandela, kapena Tutu, kapena pulezidenti aliyense. Anabwereza macheza ake a mu 1995 ndi Morrie Schwartz, nkhalamba imene inkafa pang'onopang'ono ndi matenda opha minyewa, ikufotokoza momwe zimakhalira munthu ukafika poti wina azikusambitsa ndi kukupukuta. Koppel anapita kunyumba kwake katatu, anakhala naye pafupi, popanda kachingwe, ndipo mafunso ake anali ochepa. Ndi macheza abwino kwambiri amene anachitapo ndi munthu wopanda udindo m'boma. Nayenso Schwartz anali pulofesa, wa pa yunivesite ya Brandeis.